Ponyamula Zitsulo, Tipume Nthawi Yaitali Bwanji?

Awa ndi mawu amene mmodzi wa mamembala athu adalankhula pa msonkhano wa bungwe lathu, pa gawo la zaumoyo. Tawasindikiza monga momwe adalankhulira.



Komiti idandipempha kuti ndilankhulepo za masewera olimbitsa thupi, ndipo idandipatsa mphindi 20. Nkhani imeneyi ndi munda waukulu woti munthu mmodzi sangaumalize dzuwa lisanalowe, choncho ine ndasankhapo mzere umodzi wokha woti ndilime. Funso langa ndi ili: munthu akanyamula chitsulo kangapo n'kuchiika pansi, adikire nthawi yaitali bwanji asanachinyamulenso, ngati cholinga chake n'chakuti minofu ikule?

Ndikuona ena kumbuyoko akumwetulira, mwina akuti za zitsulo n'za anyamata olondera pakhomo la malo achisangalalo. Ayi, nkhaniyi ndi yathu. Ambiri m'chipinda muno tapyola zaka 40. Madokotala amati munthu akangopitirira zaka 30, minofu yake imayamba kuchepa ndi magawo 3 mpaka 8 pa magawo 100 alionse pa zaka khumi zilizonse, ndipo akapyola zaka 60 imachepa mofulumira kuposa pamenepo. Ife a ntchito za pa desiki sitiona msanga chifukwa sikelo siitsika: pomwe padachoka mnofu pamalowa mafuta. Timadzazindikira tsiku lomwe thumba la feteleza lomwe kale tinkakweza tokha pa njinga latikanika. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2020, lidati munthu wamkulu aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, azichita masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, kuwonjezera pa kuyenda ndi kuthamanga. Komanso ambiri a ife tili ndi ana achinyamata amene akunyamula simenti yothiridwa m'zitini za penti kuseri kwa nyumba, kaya ndi ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi. Akatifunsa, ndi bwino tikhale ndi chowayankha.

Tiyambe tamvana mawu. Munthu akanyamula chitsulo, tinene ka 10 motsatizana osachiika pansi, ndiye kuti wachita seti imodzi ya maulendo 10. Akapuma n'kubwereza, ndiye seti yachiwiri. Chizolowezi cha maseti atatu a maulendo 10, chomwe mumachimva paliponse, chidatchuka kudzera m'chipatala. Dokotala wa asilikali ku America, Thomas DeLorme, ankathandiza asilikali ovulala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu mzinda wa Chicago, ndipo adaona kuti miyendo yawo inkabwerera mphamvu msanga akamanyamula zolemera zomwe zinkawonjezedwa pang'onopang'ono. Mu 1948, iye ndi mnzake Arthur Watkins adalemba ndondomeko ya maseti atatu a maulendo 10 aja. Tsono kulemera kwa chitsulo timakudziwa, chiwerengero cha maulendo timachidziwa. Chomwe anthu akhala akukangana kwa zaka zambiri ndi kampata kaja ka pakati pa seti ndi seti.

Chiphunzitso chomwe ambiri tidachimva tili anyamata chinali chakuti wofuna mphamvu apume mphindi zitatu kapena zisanu, koma wofuna minofu yaikulu asapume kupitirira mphindi imodzi, ndipo theka la mphindi n'labwino koposa. Ife amene tidaonera Commando, filimu ya Arnold Schwarzenegger ya mu 1985, m'tizipinda ta vidiyo ta mdima tija, sitinkavuta kukhulupirira kuti thupi lotero limabwera ndi kudzizunza basi. Mnyamata akakhala pansi kupuma, anzake ankamuseka kuti ndi mlesi.

Chiphunzitsochi sichidachokere m'mutu mwa munthu chabe. Mu 1990, wofufuza wina wa ku America dzina lake William Kraemer adayesa magazi a anyamata atangomaliza kunyamula zitsulo m'njira zosiyanasiyana. Adapeza kuti maseti a maulendo 10 opuma mphindi imodzi ankakweza kwambiri homoni yotchedwa growth hormone, kuposa maseti olemera opuma mphindi zitatu. Dzina lenilenilo la homoniyi likunena za kukula. Anthu adangolumikiza: kupuma pang'ono kumakweza homoni ya kukula, ndiye kuti kupuma pang'ono kumakuza minofu. Mabuku ophunzitsira aphunzitsi a masewera adalemba zomwezo kwa zaka pafupifupi 20. Koma onani bwino chomwe adayesa. Adayesa magazi a tsiku lomwelo, osati mnofu patapita miyezi. Kuona mitambo yakuda sikufanana ndi kuyeza chimanga m'nkhokwe.

Amene adakayeza nkhokweyo ndi a pa yunivesite ya McMaster ku Canada, Daniel West ndi Stuart Phillips, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2010. Njira yawo ndimaikonda chifukwa ndi yochenjera. Adatenga anyamata 12. Mnyamata aliyense ankalimbitsa mkono umodzi pa tsiku lakelake, popanda china chilichonse, kotero kuti mahomoni m'magazi sankakwera. Mkono winawo ankaulimbitsa tsiku lina, n'kutsatiza pomwepo masewera olemera a miyendo, omwe ankakweza mahomoni kwambiri. Munthu ndi yemweyo, chakudya n'chomwecho, tulo n'tomweto. Patatha masabata 15, mikono yonse iwiri idakula mofanana ndipo idapeza mphamvu zofanana. Mahomoni aja amakweradi, koma sakhalitsa, amatsikanso patapita kanthawi, ndipo kukwera kwawo kwa kanthawiko sikudawonjezere kanthu pa mnofu.

Nanga chimakuza mnofu n'chiyani? Ndi kukokeka kwa mnofu weniweniwo pamene ukulimbana ndi cholemera, mobwerezabwereza, mpaka pafupi ndi pomwe sungathenso. Timinyewa ta mnofu tikamva kukokeka kumeneko timayamba kumanga mapuloteni atsopano, ndipo ntchito yomangayi imapitirira tsiku lonse ngakhale lotsatira. Ndiye funso la kupuma lasanduka lina: kodi ndi kupuma kotani komwe kumalola mnofu kugwira ntchito yolemera yochuluka?

Apa ndipemphe chilolezo kwa aphunzitsi athu a Biology kuti ndilowe m'munda mwawo pang'ono. Mnofu ukamakoka umagwiritsa ntchito mphamvu yosungidwa mu kanthu kotchedwa ATP. Nkhokwe yake ndi yaing'ono zedi, ya masekondi owerengeka. Pambali pake pali nkhokwe ina yotchedwa phosphocreatine, yomwe imabwezera ATP mwachangu, koma nayonso pa ntchito yolemetsa imatsika kwambiri m'masekondi 10 oyambirira. Seti yolemera ikamatha, nkhokweyi imakhala itatsala pang'ono, ndipo m'mnofu mumakhala mutadzaza zotsalira za ntchitoyo, zomwe timazimva ngati moto.

Ambiri a ife tidakulira kumudzi ndipo tikuchidziwa chitsime cha kudambo m'mwezi wa Okutobala. Mayi woyamba kufika amatunga ndowa yodzaza. Wachiwiri akatsitsa chikho nthawi yomweyo amapala matope. Wodziwa amakhalira ndowa yake n'kudikira kuti madzi abwerere, ndipo amadziwanso kuti poyamba amabwera mofulumira, kenaka amakwera pang'onopang'ono. Mnofu umachita chimodzimodzi. Mu 1976, Roger Harris, Eric Hultman ndi anzawo ku Sweden adayeza zimenezi podula tinyama ting'onoting'ono ta m'ntchafu mwa anthu atangomaliza ntchito yolemetsa. Pafupifupi theka la phosphocreatine lidabwerera pasanathe theka la mphindi, koma chotsalacho chidatenga mphindi zingapo. Adachitanso china chochititsa chidwi: atamanga ntchafu ndi lamba wofufuma, wonga uja amatimanga pamkono kuchipatala, kuti magazi asadutse, nkhokweyo siidabwerere n'komwe. Kutanthauza kuti pamene munthu wakhala pa benchi ali wefuwefu, thupi silili pa tchuthi. Magazi akunyamula mpweya kupita ku mnofu kuti chitsime chidzazenso.

Tiyeni tichite masamu a ku Fomu 1. Tiyerekeze anthu awiri a mphamvu zofanana, onse akukankha makilogalamu 40 atagona chagada pa benchi, maseti atatu. Woyamba akupuma mokwanira, ndipo akukwanitsa maulendo 10, kenaka 10, kenaka 9. Onse pamodzi ndi maulendo 29, kuchulukitsa ndi 40, ndi makilogalamu 1,160. Wachiwiri akuthamangira, ndipo akukwanitsa 10, kenaka 7, kenaka 5. Amenewo ndi maulendo 22, makilogalamu 880. Mukawaona potuluka, wachiwiriyo ndiye ali thukuta kamukamu, akatumba atatupa, ndipo iye mwini akukhulupirira kuti wagwira ntchito kuposa mnzake. Koma mnofu wake wanyamula makilogalamu 280 ochepera, pa sewero limodzi lokha, tsiku limodzi lokha. Kutupa kuja ndi magazi ndi madzi chabe, pofika nthawi ya mgonero kwaphwa. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Ziwerengero izi n'zongoyerekeza, koma zoyesa zenizeni zilipo. Chodziwika kwambiri ndi cha Brad Schoenfeld wa ku Lehman College mu mzinda wa New York, chomwe chidatuluka mu 2016. Adatenga anyamata 21 ozolowera kale zitsulo n'kuwagawa pawiri. Onse ankachita masewera asanu ndi awiri ofanana, maseti atatu a maulendo 8 mpaka 12, katatu pa sabata, kwa masabata asanu ndi atatu. Kusiyana kudali kumodzi: gulu lina linkapuma mphindi imodzi, lina mphindi zitatu. Pomaliza adayeza kuchindikala kwa minofu ndi makina onga aja amaunikira amayi oyembekezera. Opuma mphindi zitatu adaposa anzawo pa mphamvu, zomwe aliyense ankayembekezera. Koma adawaposanso pa kukula kwa mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu, zomwe chiphunzitso chakale chinkakana.

Chaka chomwecho cha 2016, a pa yunivesite ya Birmingham ku England adayang'ana m'kati mwa mnofu mwenimwenimo. Anyamata 16 adachita masewera a miyendo, ena akupuma mphindi imodzi, ena mphindi zisanu. M'maola anayi otsatira, liwiro lomangira mapuloteni atsopano lidakwera ndi magawo 76 pa 100 mwa opuma pang'ono, koma ndi magawo 152 pa 100 mwa opuma nthawi yaitali. Chonsecho opuma pang'onowo ndiwo adali ndi testosterone wochuluka m'magazi. Kunena zoona, pofika tsiku lotsatira magulu awiriwa adafanana, choncho tisachikweze kwambiri chotsatirachi. Komabe chikuonetsa kuti homoni ya m'magazi ndi ntchito ya m'mnofu zikhoza kuyenda njira zosiyana.

Chomwe chidandikhutiritsa ine koposa zonse ndi cha ofufuza a ku Brazil, cha mu 2022. Iwo adafunsa kuti: kodi vuto ndi kupuma pang'onoko, kapena ndi ntchito yomwe imatayika chifukwa cha kupuma pang'ono? Kwa masabata 10 adayerekeza mphindi imodzi ndi mphindi zitatu, koma ena mwa opuma mphindi imodzi adawawonjezera maseti mpaka katundu yense wonyamulidwa atafanana ndi wa opuma mphindi zitatu. Atatero, minofu idakula mofanana. Ndiye kuti mu wotchi mulibe mankhwala. Chofunika ndi kuchuluka kwa ntchito yolemera yomwe mnofu wagwira. Wopuma pang'ono akhoza kufika pomwepo, koma alipire ndi maseti owonjezera, ndipo aliyense amene adayesapo kunyonyomala ndi chitsulo paphewa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, akupuma mphindi imodzi yokha, akudziwa kuti mtengo wake ndi wowawa.

Tsopano ndiyenera kutseka khomo lina, chifukwa ndikudziwa kuti tili ndi anzathu pano amene kusukulu ankati akapatsidwa chala amatenga mkono wonse. Sindikunena kuti munthu anyamule kamodzi, kenaka akhale theka la ola akuwerenga mauthenga pa foni. Ku Finland, mu 2005, Juha Ahtiainen ndi anzake adayerekeza mphindi ziwiri ndi mphindi zisanu mwa amuna ozolowera zitsulo kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo sadapeze kusiyana pa kukula kwa minofu. Mu 2024, gulu lina momwe mudalinso Schoenfeld lidasonkhanitsa zofufuza zisanu ndi zinayi n'kuziwerengera pamodzi. Lidapeza kuti kupuma kopitirira masekondi 60 kumapambana pang'ono kupuma kochepera apo, koma kuti munthu akapyola masekondi 90 phindu lowonjezera silionekanso kwenikweni. Mawu akuti pang'ono ndawanena dala. Kusiyanaku si kwa njovu ndi kalulu. Munthu wobwera mokhulupirika kawiri pa sabata, ngakhale akupuma molakwika, adzamusiya kutali mnzake wodziwa masekondi onse koma wobwera kamodzi pa mwezi.

Nanga ine ndingalangize chiyani? Pa masewera aakulu ogwiritsa minofu yambiri nthawi imodzi, monga kunyonyomala ndi chitsulo, kukankha pa benchi, kutola chitsulo pansi n'kuwongoka nacho, kapena kudzikoka pa mtanda, pumani mphindi ziwiri, ndipo chitsulo chikakhala cholemera kwambiri, zitatu. Pa masewera amenewa si mnofu wokha womwe umatopa. Mtima ndi mapapo nazo zimafuna nthawi, ndipo kwa ife a zaka 40 kawirikawiri mpweya ndiwo umayamba kutha mnofu usanatope. Msana wa munthu wotopa ndiwonso umapindika pomwe suyenera kupindika. Pa masewera ang'onoang'ono, monga a akatumba a pamkono kapena a mapewa, mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka ikukwana. Wopanda wotchi ali ndi muyeso wina wosavuta: ayambe seti yotsatira pamene akutha kulankhula chiganizo chonse osadukiza. Ndipo akhale ndi kabuku kolembamo. Ngati seti yoyamba inali ya maulendo 10 koma yachiwiri yagwera pa 6, ndiye kuti wabwerera kuchitsime msanga.

Ndikudziwa dandaulo lomwe likubwera, chifukwa ndi langanso: nthawi. Munthu waweruka madzulo, minibasi yachedwa, ana akufuna kuthandizidwa homuweki. Tiyeni tiwerengenso. Masewera asanu a maseti atatu ndi maseti 15. Seti iliyonse itenge masekondi 40, kupuma mphindi ziwiri. Zonse pamodzi ndi mphindi 40, nthawi yosakwana theka limodzi la mpira. Amene mphindi 40 zamuchulukira aphatikize masewera awiri osagwiritsa mnofu umodzi. Akankhe pa benchi, apume mphindi imodzi, achite sewero lokoka, apumenso mphindi imodzi, kenaka abwerere ku benchi. Chifuwa chapuma kupitirira mphindi ziwiri pamene msana umagwira ntchito. Alimi amadziwa kale nzeru imeneyi: pomwe padali chimanga chaka chatha pabzalidwe mtedza.

Kunja kwa jimu kulinso kupuma kwina komwe sindikhalitsapo. Mnofu womwewo usamaulemetse masiku awiri otsatizana, ndipo tulo tikwane. Chakudya nacho: ofufuza a ku McMaster komwe kuja, atasonkhanitsa zofufuza zambiri mu 2018, adapeza kuti phindu la mapuloteni limafika pachimake pa magalamu pafupifupi 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku. Usipa, mazira, soya, mtedza ndi mkaka zimagwira ntchito imeneyi popanda zitini zodula za m'masitolo. Ngakhale nyemba zija tinkazidandaula m'holo yodyera, zomwe nthawi zina zinkabwera ndi ndiwo yake yamapiko, zinkatimanga thupi.

Pali chifukwa china chomwe ndidasankhira mutuwu, ndipo ichi n'cha ife makolo. Mnyamata akatsatira chiphunzitso chodzizunza kwa miyezi ingapo, akutopa tsiku lililonse koma galasi silikumuonetsa kusintha, samaganiza kuti vuto ndi ndondomeko. Amaganiza kuti thupi lake ndilo lili ndi vuto, ndipo sipalephera kupezeka wina womunong'oneza za jakisoni kapena mapiritsi okuza minofu, aja amati masiteroidi. Schwarzenegger mwini wake, amene adapambana mpikisano wa Mr. Olympia kasanu ndi kawiri pakati pa 1970 ndi 1980, adavomera poyera kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala amenewa pa nthawi yomwe ankapikisana. Choncho thupi lija tinkalisirira pa vidiyo silinali la thukuta lokha, ndipo ndondomeko ya munthu wotero si muyeso wa mwana wathu wodya nsima ya usipa. Mankhwalawa amakweza kuthamanga kwa magazi, amawononga mtima ndi chiwindi, ndipo amachititsa thupi kusiya kupanga testosterone wakewake, mpaka mnyamata akhoza kudzavutika kubereka. Musanamukalipire mwana, mufunseni kaye mafunso a ntchito: ukunyamula makilogalamu angati, maulendo angati, ukupuma bwanji, mwezi watha unkanyamula angati? Akaona kuti bambo kapena mayi akudziwa zomwe akunena, adzamvera ndi zinazo.

Chotsiriza ndi cha kuthamanga kwa magazi, poti ena a ife tidayamba kale kumwa mapiritsi ake. Munthu akamakankha cholemera atagwira mpweya, magazi amakwera modabwitsa kwa masekondi ochepa. Mu 1985, Duncan MacDougall wa ku McMaster adayeza amuna asanu a dzitho polowetsa kachubu mu mtsempha wa pamkono. Pokankha ndi miyendo yonse iwiri, muyeso wawo unkafika cha m'ma 320 pa 250, ndipo mwa mmodzi udapyola 480 pa 350. Kumbukirani kuti wa munthu wabwinobwino atakhala pansi ndi cha m'ma 120 pa 80. Amenewo adali akatswiri onyamula mpaka pomaliza penipeni, ndipo muyesowo unkatsika seti ikangotha. Ife tisafike kumeneko. Tulutsani mpweya pokankha, kokani mpweya potsitsa, ndipo siyani seti kutatsala ulendo umodzi kapena iwiri yomwe mukadatha kukwanitsa. Amene ali ndi vuto la magazi, la mtima kapena la shuga ayambe wakaonana ndi dokotala wake asanagwire chitsulo, ndipo akamva kupweteka m'chifuwa kapena chizungulire, aike chitsulo pansi nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala.

A Wapampando, ndikuona mwayang'ana wotchi kawiri. Amene ali ndi mafunso andipeza pa nthawi ya tiyi.